Mpweya wa Nyumba Yoyenda ya Mayi Sakala

Ndinanyamuka kunyumba kwanga ku komboni ya George mu Lusaka kusanache bwino, Lachinayi lina m'mwezi wa Seputembala, nditanyamula zida ziwiri zimene ndinkazidalira. M'thumba la malaya munali geji yanga yoyezera mpweya wa m'matayala, ndipo m'saka munali mpope wopopera ndi phazi. Mkazi wanga Esinati anandiperekeza mpaka pamsewu. Anangondikonza kolala, n'kundiuza kuti ndikagwire mtima, popeza pakamwa panga amapadziwa bwino.

Apo n'kuti patapita chaka ndi miyezi ingapo chitsekereni kampani ya boma imene ndinkagwirako ntchito ku Indasitiriyo, dera la mafakitale. Ndinali nditasamala matayala a malole ake zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kenaka tsiku lina tinangopeza geti lili ndi unyolo. Anzanga ambiri anamanga katundu kubwerera kumudzi kukalima. Nanga ine ndikanabwerera kuti? Bambo anga anachokera ku Malawi kalekale, anamwalira ku Matero, ndipo mudzi wawo ndimangoudziwa dzina. Alamu anga anali atanena kale mosabisa kuti mvula ikandipeza ndilibe ntchito, adzabwera kudzatenga mlongo wawo ndi ana athu atatu kupita nawo ku Petauke, ine ndidzatsale ndikudzifunira ndekha. Sanali kudana nane ayi. Ana anali atayamba kuonda, ndipo ndinkaona ndekha.

Ndiye pamene ndinamva kutchalitchi kuti Mayi Sakala a ku Mtendere akufuna dalaivala, ndinapita tsiku lomwelo. Mayiwa ankagulitsa salaula, zovala zakale zochokera kunja zimene anthu amasankha pamulu, ndipo ankafuna kumapita nazo kumidzi kukasinthanitsa ndi chimanga. Anandiuza kuti tiyesane ulendo umodzi wa ku Nyimba. Akakhutira, ntchito ndi yanga. Akapanda kukhutira, anali ndi mlamu wawo Bonifasi amene ankaifunanso.

Minibasi ya ku George inanditengera makwacha mazana atatu kufika m'tauni. Kondakitala atakweza saka langa n'kumva kulemera kwake, anati chitsulo chimenecho chilipire mpando wakewake. Ndinachiika pamiyendo n'kumufunsa ngati ana oyamwa ayamba kulipira. Anthu anaseka, iye n'kusiya. Tinadutsa ku Matero, pafupi ndi nyumba imene ndinabadwira, kenaka m'mphepete mwa Indasitiriyo. Pageti lathu lakale panali patamera udzu, ndipo mayi wina ankaotcha chinangwa pomwe mlonda ankaima. Ndinayang'ana kumbali.

Ku Mtendere ndinafika cha m'ma 7 koloko. Galimotoyo sinali yovuta kupeza, chifukwa aliyense amene ndinamufunsa ankangoti, "Mufuna Nyumba Yoyenda?" Inali lole yaing'ono yoyera, koma m'malo mwa bodi inali ndi chipinda cha mawindo ndi makatani. M'kati munali bedi, kabati, kachitofu, sinki, ndi kachimbudzi kopanikiza kamene Mayi Sakala anadzazamo nsapato zogulitsa. Anaigula kwa azungu awiri amene anatopa ndi kuyendayenda n'kukwera ndege kubwerera kwawo. Anati ubwino wake ndi woti mkazi wamalonda amagona ndi katundu wake, chitseko atakhoma.

Bonifasi analipo, atatsamira khoma, akutafuna kamtengo. Atandiona ndikutulutsa geji, anazungulira galimoto akumenya tayala lililonse ndi nsapato, n'kulengeza kuti zonse zili bwino. Ndimo mmene madalaivala a minibasi amayezera mpweya, ndipo ine ndikaona zimenezi mutu umanditentha. Nsapato imadziwa chiyani?

Geji yanga ndi yachitsulo, yaitali pang'ono kuposa cholembera. Ili ndi mutu wopindika wa pakamwa pawiri, kuti ifike ngakhale pa valavu yobisika. Ukaikanikiza, kandodo koyera ka manambala kamatumphuka kumbuyo. Anandisiyira ndi bambo anga, amenenso anali munthu wa matayala. Mayi Sakala ataiona anangoti, "Ba Nkhoma, iyo bolopeni yanu izatenga nthawi bwanji?"

Nyumba Yoyenda inali ndi matayala asanu ndi limodzi, awiri kutsogolo ndi awiriawiri kumbuyo. Amene sanagwirepo ntchitoyi sadziwa kuipa kwa matayala ophatikiza. Lam'kati likhoza kuphwa osaoneka, chifukwa lakunja limanyamula katundu wa onse awiri. Limapirira choncho, n'kumatentha, mpaka limaphulika, ndipo silisankha malo ophulikira. Asanu ndinawapeza ali bwino. Lam'kati la kumanzere, limene pakapepala ka pachitseko analemba kuti likhale mapaundi 65, linali pa 30. Ndinamuonetsa Bonifasi kandodoko. Analavula kamtengo kake n'kupita.

Ndinavula jekete, n'kulumikiza paipi ya mpope, n'kuyamba kuponda. Mpope wa phazi si wa munthu wothamanga. Umaponda makumi atatu, umayeza, wangokwera pang'ono, umapondanso. Ndili mkati mopopa, kunafika amayi asanu ndi mmodzi a chigwirizano cha kutchalitchi, atavala mabulauzi oyera, kudzapempherera ulendo. Anazungulira galimoto, ine ndili pakati.

Pano ndiyenera kufotokoza lamulo limodzi la ntchito yathu. Ukatha kupopa tayala, umalavulira pachala n'kupaka malovuwo pakamwa pa valavu. Akachita thovu, ndiye kuti mpweya ukutuluka. Akakhala phee, umatseka. Bambo anga anandiphunzitsa zimenezi ndisanadziwe n'komwe kugwira sipanala, ndipo ine ndinakalipirapo anthu ambiri kukampani chifukwa choiwala. Koma m'mawa umenewo kandodo kanafika pa 65 pemphero lili pakati. Ndinali nditagwada pafupi ndi nsapato zoyera za amayi apampando, nditavala tayi, ndipo ena mwa amayiwo ankapemphera diso limodzi lili pa ine. Kodi munthu wofuna ntchito angalavule pamenepo? Ndinati ndidikire Ameni. Ameni atamveka, Mayi Sakala analoza wotchi yawo, amayi aja n'kuyamba kundipatsa moni wa m'manja mmodzimmodzi. Ndinangovundikira valavu ija ndi kachitsekero kake, tinanyamuka.

Tinaima ku Kalingalinga kutenga mabelo anayi omaliza kwa telala wina amene ankawasungira. Misewu ya m'menemo inali yokumbika moti makapu ankalira m'kabati, ndipo anthu ankatuluka m'nyumba kudzaona nyumba inzake ikudutsa. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anafunsa ngati tikubwereketsa chipinda. Mabelo aja anakwana mbali imodzi yokha, ya kumanzere, pamwamba penipeni pa tayala lija. Pamene tinkalowa mumsewu waukulu wa kum'mawa n'kuti ili 9 koloko. Mayi Sakala anandikumbutsa kuti tiyenera kufika ku Nyimba kusanade, chifukwa Lachisanu alimi amalawirira ndi chimanga, ndipo wochedwa amapeza malo abwino atatengedwa.

Galimotoyo inkayenda bwino, ngakhale mphepo ikaomba inkapendama ngati munthu wosenza mtolo waukulu. Titafika ku Chongwe ndinapempha kuti tiime pang'ono. Mayi Sakala anapita kukagula chinangwa chootcha ndi mtedza, ine n'kutulutsa geji. Tayala likayenda limatentha, ndipo mpweya wake umakwera pang'ono. Zimenezo si vuto, ndipo wozindikira sauchotsa. Asanu aja anali atakwera monga mwa nthawi zonse. Lam'kati lija linali litatsika kufika pa 52.

Ndinaganiza kuti ndi msomali, ndipo ndinatukwana misewu ya ku Kalingalinga chamumtima. Maganizo ena ankandiuza kuti ndingokhala chete, mwina tikafika. Koma kutsogolo kunali mapiri a Manenekera, ndipo ndinkadziwa zimene tayala lotentha limachita potsetsereka. Mayi Sakala atabwera ndinawauza.

"Ba Nkhoma, tayenda chabe ola imodzi," anatero. "Manje tizayamba kuima paliponse?"

Ndinati inde, mpaka tipeze pomasulira. Anakhala pamthunzi akudya mtedza wawo, ine ndikuponda mpope.

Ku Chinyunyu, kumene madzi otentha amatuluka pansi, tinaimanso. Amayi ankachapa zovala m'madzi ofuka nthunzi, ndipo ine thukuta langa silinkasiyana nawo kwenikweni. Ku Rufunsa tinafika dzuwa lili pamutu. Panali munthu womata matayala pansi pa mtengo, amene anati kumasula awiri onsewo, kutulutsa chubu ndi kumata ndi ntchito ya maola awiri, komanso ayambe watuma munthu kukabwereka jeke yaikulu. Mayi Sakala anakana. Tinamwa munkoyo wozizira wa m'chigubu, chakumwa chonga thobwa, ndinapopanso, tinapitirira. Bondo langa lakumanja linali litayamba kutupa.

Titayenda pang'ono Mayi Sakala anausa moyo n'kunena chapansipansi kuti akanakhala Bonifasi, bwenzi pano atawoloka kale Luangwa. Ndinakumbukira dzanja la Esinati pa kolala yanga, koma pakamwa panali patatseguka kale.

"Mukanafika msanga ndithu, mayi," ndinatero. "Koma sindikudziwa kuti mukanafika kuti."

Anatembenukira kuwindo. Ndinadziwa kuti ndalakwitsa, ndipo ndinayamba kuganiza za mmene ndidzawanyamulire ana zikwama zawo kupita kokwerera basi ya ku Petauke.

Tisanayambe kutsetsereka ku Manenekera ndinaimitsanso galimoto. Pamenepo sindikanalola kupita ndi tayala lofewa, ngakhale akanandichotsa ntchito pomwepo. Ndinaponda kasanu, bondo n'kukana. Ndinayesa mwendo wamanzere, koma unalibe mphamvu. Ndili chigwirire galimoto, ndinangoona nsapato ziwiri zazitali zikuikidwa pamwala. Mayi Sakala anamanga chitenje m'chiuno n'kundiuza kuti ndichoke.

Anapopa ndithu, osati mwachibwana. Ine ndinkangogwira paipi ndi kuyeza. Akupuma anandiuza kuti iwonso anali kalaliki wotayipa m'kampani ina ya boma, ndipo kalata yowachotsa ntchito anaitayipa okha, pamodzi ndi za anzawo. Amuna awo anali atamwalira chaka chomwecho. Galimotoyi ndi mabelo ali m'katimo ndizo zonse zimene anali nazo padziko. Ndinachita manyazi ndi mawu anga aja, komanso ndinawalemekeza. Sindinaonepo bwana aliyense akuvula nsapato pamaso panga.

Manenekera tinatsika pang'onopang'ono ndi giya yoyamba ndi yachiwiri. Msewu umakhotakhota m'mbali mwa phiri, ndipo ukasuzumira kumunsi umaona zigoba za malole akale zitachita dzimbiri. Mayi Sakala ankaimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, atagwiritsa chitseko. Minibasi ina inatipitirira ikuliza hutala, kondakitala wake akutikuwiza kuti nyumba siyenda pamsewu.

Pamsika wa pa Luangwa tinafika cha m'ma 3 koloko. Kumeneko kumatentha kwabasi. Mbali zonse za msewu kuli nsomba zouma, madengu, mphasa ndi zipewa zoluka, ndipo ogulitsa amakuthamangira usanatsike n'komwe. Mayi Sakala anapita kukagula nsomba. Ine ndinatulutsanso mpope wanga, kachisanu ndi chimodzi tsiku limenelo, n'kuyamba kuponda motsimphina.

Chapafupi panali mdala wina wokonza njinga, atakhala pa chitini, ndevu zili mbuu. Anandiyang'anitsitsa ndikupopa. Nditachotsa paipi kuti ndiyeze, anafunsa mwaulemu kuti vuto n'chiyani. Ndinamufotokozera ngati mmene munthu wa malole amayankhulira kwa munthu wa njinga, kuti pali msomali waung'ono m'tayala lam'kati. Anagwedeza mutu.

"Pa valavu mwaikako mata?" anatero, kutanthauza malovu.

Tsiku lonse ndinayeza, ndinapopa, ndinatukwana misewu, koma nthawi iliyonse ndinkathamangira kutseka kuti bwana asadandaule, ndipo maganizo anga anali atakakamira pa msomali. Ndinagwada, ndinalavulira pachala, n'kulowetsa dzanja pabowo la limu, chitsulo chogwira tayala. Malovu aja anafufuma pang'onopang'ono, n'kuphulika, n'kufufumanso.

M'kati mwa valavu muli kamtima kakang'ono kamene kamamangidwa ngati sikuluwu. Kakamasuka pang'ono, mpweya umatuluka osamveka. Kachitsulo komangira kake, ka mano awiri, ndinali nako m'kabokosi ka machesi m'thumba lomwelo la geji. Ndinakalowetsa n'kupotokola theka chabe. Ndinapakanso malovu. Anakhala phee. Ntchito yonse imene inatidyera tsiku inatha nthawi yochepa kuposa kumanga chingwe cha nsapato. Mdala uja sanaseke. Anangobwerera ku njinga yake, ndipo ndimamuthokoza mpaka lero chifukwa cha zimenezo.

Mayi Sakala anali patali, akunenerera mtengo wa nsomba. Sanaone chilichonse. Ndikanatha kuwauza kuti ndalipeza vuto lobisika ndipo ndalikonza ndi luso langa, iwo akanasangalala, ntchito ikanakhala yanga. Kunena zoona, mawuwo ndinali nditawakonza kale. Koma atafika ndinaona fumbi la ku Manenekera likadali kumapazi kwawo, ndipo bodzalo linandikanika.

Ndinawauza zonse. Ndinati panalibe msomali. Ndinati pali chinthu chimene ndimayenera kuchita m'mawa ku Mtendere, chimene aliyense wa matayala amachidziwa, ndipo sindinachite chifukwa ndinachita manyazi kulavula pamaso pa amayi a chigwirizano. Kuchedwa konse, ndi kupopa kwawo komwe, kunali kulakwa kwanga.

Anandiyang'ana, nsomba zili m'manja. Kenaka anangoti, "Tiyeni."

Tinawoloka mlatho, asilikali atasuzumira m'chipinda chathu n'kufunsa ngati chitofucho chimayakadi. Tinakwera mapiri a tsidya lina, tinadutsa Kacholola. Ndinaima kamodzi kokha kuyeza, ndipo lam'kati lija linali litakwera pang'ono pamodzi ndi anzake, monga tayala lamoyo limachitira. Mayi Sakala sanatsike, sanafunse. Njira yonseyo ine ndinali ndi chisoni chachikulu.

Ku Nyimba tinafika dzuwa litafiira, amayi ogulitsa nthochi akulongedza. Malo amene Mayi Sakala ankafuna, pafupi ndi polowera msika, tinapeza wina atayalapo kale matumba ake. Tinaimika galimoto chakumapeto, pafupi ndi ogulitsa makala. Ndinazimitsa injini, n'kuika makiyi pampando. Ndinatenga saka langa la mpope n'kufunsa munthu wina kumene basi za ku Lusaka zimaima.

"Muyenda kuti, ba Nkhoma?" Anali Mayi Sakala, atatsika. "Bwerani munionetse."

Sindinamvetse. Anagwada pafupi ndi tayala lakutsogolo, chitenje chili m'fumbi, n'kumasula kachitsekero. Analavulira pachala pawo, anthu a pamsika akuonerera, n'kupaka pa valavu. Anafunsa ngati ndi choncho. Ndinati ndi choncho. Tinazungulira onse asanu ndi limodzi, iwo akupaka, ine ndikuyeza. Titamaliza anapukuta chala pa chitenje n'kutenga makiyi aja.

"Bonifasi sembe ananiuza ati ni msomali," anatero, "na ine sembe nakhulupirira. Tengani. Mailo m'mawa muyambe na bolopeni yanu, musanamwe na tiyi."

Munthu wa zaka makumi anayi ndi zinayi, ndinatembenuka n'kumanamizira kukonza paipi ya mpope kuti asaone maso anga.

Nyumba Yoyenda ndinaiyendetsa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo tayala silinatiphulikirepo. Pa ulendo woyamba uja ndinapita ndikudalira geji ndi mpope, ndipo zonse ziwiri zinagwira ntchito yake. Chimene chinatsala pang'ono kundilanda banja ndi manyazi a munthu wovala tayi. Kuyambira pamenepo ndimalavula pamaso pa aliyense, kaya ndi abusa.

Tinabwerera ku Lusaka Lachiwiri, chimanga chili mpaka pabedi. Ndinatsika minibasi ku George nditasenza theka la thumba la chimanga, ndipo Esinati anandionera patali. Anangoyang'ana makiyi amene ndinamangirira palamba. Mvula yoyamba ya chaka chimenecho inatipeza tonse asanu m'nyumba imodzi, tikusuntha mabeseni pansi pa denga lathu lodontha.